Kusiya ntchito munthu atakula n'kuyamba kujambula zithunzi

Munthu amene wagwira ntchito imodzi zaka 15 kapena 20 amafika poti palibenso chachilendo chimene angakumane nacho pa ntchitopo. Ena zikatero amakhutira. Ena amayamba kuyang'ana kwina, ndipo chimodzi mwa zinthu zimene zimawakopa kwambiri ndi kujambula zithunzi. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Kamera sifunsa satifiketi, palibe mayeso a boma amene munthu ayenera kukhoza asanadzitche wojambula, ndipo zotsatira za ntchitoyo zimaoneka tsiku lomwelo. Mphunzitsi, namwino kapena wowerengera ndalama amene amajambula Loweruka ndi Lamlungu, anzake n'kumamuyamikira, sachedwa kudzifunsa ngati si bwino kungosiyiratu ntchito inayo. Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti zaka si zimene zimagwetsa anthu ambiri oyamba mochedwa. Chimene chimawagwetsa ndi kutaya ntchito yakale yonse, malipiro ake pamodzi ndi nzeru zake, asanapeze woti azigula zithunzi zawo.

Funsoli likutanthauza chiyani?

Mawu akuti wojambula amakuta anthu amene ntchito zawo n'zosiyana kwambiri. Pali wojambula wa pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa mwambo wopereka madigiri. Iyeyu amagwirira ntchito kasitomala, ndipo chithunzi chabwino ndi chimene mkwatibwi wakondwa nacho. Pali wojambula wa nyuzipepala, wa kampani yotsatsa malonda kapena wa bungwe la chitukuko, amene amatumidwa kukatenga chithunzi chakutichakuti pofika tsiku lakutilakuti. Ndiye pali amene amasankha yekha nkhani n'kuitsata zaka zambiri, poyembekezera kuti idzatuluka m'buku kapena idzapachikidwa pa chionetsero. Ambiri mwa anthu olakalaka kusiya ntchito amakopeka ndi mtundu wotsirizawu, chonsecho ndalama zili mu mitundu iwiri yoyambayo. Munthu akhoza kuthawa bwana mmodzi ku ofesi n'kupezeka ali ndi mabwana ambirimbiri, aliyense wofuna kuti zithunzi zake zituluke mawa ndiponso kuti mtengo utsike.

Nakonso kuchedwa sikuyesedwa ndi zaka zobadwa zokha. Munthu wa zaka 45 amene ana ake anatsiriza sukulu ndipo akukhala m'nyumba yakeyake ali ndi ufulu woposa wa zaka 33 amene ali ndi ana atatu ku pulaimale, lendi mwezi ndi mwezi, komanso makolo kumudzi oyang'ana kwa iye. Choncho tikamanena za woyamba mochedwa tikunena munthu amene ali kale ndi ntchito yoidziwa bwino, malipiro odalirika ndi anthu omudalira, moti akalephera savutika yekha.

Mbiri ya olowa mochedwa

Kujambula zithunzi kunalengezedwa poyera m'chaka cha 1839, pomwe njira ya Louis Daguerre inafotokozedwa ku Paris. Pa zaka zoyambirira aliyense wolowa ntchitoyi ankachokera kwina, popeza kunalibe sukulu yake. Ena anali ojambula ndi utoto, ena ogulitsa mankhwala, ena okonza mawotchi. Kulowa mochedwa sikunali kwachilendo ngakhale pang'ono.

Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi la Julia Margaret Cameron, mayi wa ku Britain amene anabadwira ku Calcutta m'chaka cha 1815. Kamera yake yoyamba anailandira ngati mphatso kuchokera kwa mwana wake wamkazi ndi mkamwini wake kumapeto kwa 1863, ali ndi zaka 48. Ankakhala ku Freshwater pa chilumba cha Isle of Wight, komwe anasandutsa khola la nkhuku kukhala situdiyo, ndipo mosungira malasha anamusandutsa chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi. Ntchito ya nthawi imeneyo inali yowawa. Wojambula ankapaka mankhwala pa galasi, kulilowetsa mu kamera likadali lonyowa, kujambula, n'kuthamanga nalo kukatsuka lisanaume. Wojambulidwa ankayenera kukhala chete osagwedezeka kwa mphindi zingapo. M'zaka pafupifupi 12 zokha Cameron anajambula anthu monga Charles Darwin, Alfred Tennyson ndi John Herschel. Ojambula anzake ambiri ankamunyoza kuti zithunzi zake n'zosaoneka bwino ndipo zili ndi zipsera, koma nyumba yosungiramo zinthu ya South Kensington ku London inagula zithunzi zake m'chaka cha 1865, asanathe zaka ziwiri ali ndi kamera.

Ku France kunali Eugène Atget, amene anabadwa mu 1857. Anayamba wagwira ntchito pa sitima zapamadzi, kenako n'kukhala wa zisudzo woyendayenda, ndipo kamera anaigwira atapitirira zaka 30. Poyamba ankagulitsa zithunzi kwa ojambula ndi utoto kuti aziyang'anapo. Kuyambira cha m'ma 1898 anayamba kujambula misewu, zitseko ndi masitolo akale a Paris, atasenza kamera yamatabwa yolemera ndi magalasi ake, ndipo ogula anali nyumba zosungiramo mabuku ndi zinthu zakale za mzindawo. Mu 1920 anagulitsa ku boma la France magalasi a zithunzi oposa 2,600. Ku America, Lewis Hine anali mphunzitsi ku New York mpaka 1908, pomwe anasiya choko ali ndi zaka 34 n'kukhala wojambula wa bungwe la National Child Labor Committee, lolimbana ndi kugwiritsa ntchito ana. Ku South Africa, David Goldblatt anagwira ntchito mu sitolo ya zovala ya bambo ake ku Randfontein, ndipo anaigulitsa mu 1963, bambo akewo atamwalira, kuti azijambula basi. Anali ndi zaka zoposa 30. Sebastião Salgado wa ku Brazil anali katswiri wa zachuma ku bungwe la International Coffee Organization ku London, ndipo anasiya mu 1973. Chris Arnade anagwira ntchito zaka pafupifupi 20 m'misika ya ndalama ya Wall Street asanachoke mu 2012 n'kumajambula anthu osauka a ku Bronx ndi madera ena a America.

Zimene anatenga ku ntchito yakale

Nkhani za anthu amenewa zimakambidwa ngati nkhani za kulimba mtima, zakuti munthu anadzuka tsiku lina n'kutsata mtima wake. Zikawerengedwa mofatsa zimaonetsa china. Pafupifupi onse sanayambe opanda kanthu, ndipo chimene chinawasiyanitsa ndi ojambula ena chinachokera ku moyo wawo wakale.

Hine anaphunzira za chikhalidwe cha anthu ndipo ankadziwa kuti chithunzi chopanda umboni anthu akhoza kuchikana. Eni mafakitale sankamulola kulowa, choncho ankanamizira kukhala woyendera zozimitsira moto kapena wogulitsa Mabaibulo. Akalowa ankayesa msinkhu wa mwana poyerekeza ndi mabatani a chovala chake, ndipo dzina ndi zaka za mwanayo ankazilemba dzanja lili m'thumba. Limeneli ndi luso la wofufuza ndi la mphunzitsi wodziwa kuyankhula ndi ana, ndipo kamera inangobwera pamwamba. Salgado anayamba kujambula ndi kamera imene mkazi wake Lélia anagulira maphunziro ake a zomangamanga, ndipo ankaitenga pa maulendo a ntchito ya khofi ku Africa. Nkhani zimene anadzatsata pambuyo pake, monga za okumba golide ku Serra Pelada mu 1986 ndi buku lake la anthu ogwira ntchito zamanja lotchedwa Workers la mu 1993, ndi nkhani za katswiri wa zachuma: ndani akugwira ntchito, ndani akupindula, katundu akuchokera kuti. Goldblatt anakulira m'tauni ya migodi ya golide, dera lomwelo limene amuna ambiri a kuno ankapita pa Wenela, ndipo anathera zaka akuyeza anthu zovala ndi kumva zokamba zawo. Buku lake loyamba, la mu 1973, linali la migodi yomweyo. Arnade anachoka pakati pa anthu olemera kwambiri, ndipo kusiyana kwa moyo umenewo ndi wa anthu amene ankawajambula ndi kumene kunakhala nkhani yake. Ngakhale Cameron, amene sanali pa ntchito yolembedwa, anali ndi chuma chimene wachinyamata sakanakhala nacho: Tennyson anali woyandikana naye nyumba, ndipo Herschel anali bwenzi lake la zaka zambiri.

Chachiwiri chimene anali nacho ndi wolipira. Hine sanachoke ku sukulu kupita kukafunafuna makasitomala, anachoka pa malipiro kupita pa malipiro ena. Atget ankadziwa ndendende amene amagula zithunzi za nyumba zakale. Goldblatt anali ndi ndalama za sitolo ija, ndipo kwa zaka zambiri ankadyera zithunzi za magazini ndi makampani, n'kumajambula zakezake pa nthawi yotsala. Salgado analowa m'mabungwe ogulitsa zithunzi za nkhani, Sygma, Gamma, kenako Magnum mu 1979, ndipo mbali ya mabuku ndi zionetsero ankayendetsa ndi Lélia, amene mu 1994 anakhazikitsa naye kampani yawo ya Amazonas Images.

Wina akhoza kutsutsa kuti zitsanzo zimenezi sizitsimikizira kanthu, chifukwa tikuwadziwa anthuwa poti anapambana, pamene amene anagulitsa katundu n'kubwerera ku ntchito yakale mwamanyazi palibe amawalemba. Kutsutsa kumeneku n'koona, ndipo kukulimbitsa mfundo yathu. Ngati ngakhale opambanawo anafunika wolipira ndi nkhani yoidziwa, woyamba wopanda zimenezi ali pa ngozi yaikulu kuposa. Komanso kutchuka ndi kupeza bwino n'zosiyana. Hine anamwalira mu 1940 ali wosauka, nyumba yake italandidwa. Atget anamwalira mu 1927 anthu ochepa okha akumudziwa, ndipo ntchito yake inapulumuka chifukwa cha Berenice Abbott, wojambula wa ku America amene anagula zotsala zake n'kuzisunga.

Msika wa lero si wa nthawi yawo

Anthu onsewa, kupatula Arnade, anayamba pa nthawi imene chithunzi chinali chosowa. Kuti chituluke pankafunika chipangizo chodula, filimu, mankhwala ndi luso, motero wodziwa kujambula ankalipidwa chifukwa chodziwa kugwiritsa ntchito kamera. Mpanda umenewu unayamba kugumuka kalekale, George Eastman atatulutsa kamera ya Kodak mu 1888, koma unagweratu ndi kubwera kwa zithunzi za pa kompyuta ndi pa foni. Kamera yoyamba ya dijito anaipanga Steven Sasson ku kampani ya Kodak yomweyo mu 1975, ndipo mu 2012 kampaniyo inakadziwitsa khoti kuti yalephera kubweza ngongole. Foni ya iPhone inatuluka mu 2007, Instagram mu 2010. Makampani a ku Japan, amene amapanga makamera ambiri pa dziko lonse, anatumiza m'misika makamera pafupifupi 121 miliyoni mu 2010, koma pofika 2020 chiwerengerocho chinali chosafika 10 miliyoni. Anthu sanasiye kujambula. Kamera inangosamukira m'thumba la aliyense.

Nayo mitengo inatsika. Makampani ogulitsa zithunzi pa intaneti, monga iStockphoto imene inayamba mu 2000 ndi Shutterstock ya mu 2003, anapangitsa kuti chithunzi cha dzuwa likulowa kapena cha anthu akugwirana chanza chizigulidwa ndi ndalama yochepa kwambiri. Manyuzipepala, amene ankalemba ntchito ojambula ambiri, anayamba kuwachepetsa. Mu May 2013 nyuzipepala ya Chicago Sun-Times inachotsa ojambula ake onse 28 tsiku limodzi, kuphatikizapo John H. White amene anapatapo mphoto ya Pulitzer. Tsopano kwabweranso mapulogalamu a AI opanga zithunzi popanda kamera. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anakana mphoto ya Sony World Photography Awards ataulula kuti chithunzi chake chopambanacho sichinajambulidwe ndi kamera.

Apa anthu amasiyana maganizo. Ena amati ntchito ya kujambula ikutha ndipo kulowamo lero n'kutaya nthawi. Ena amati sikunakhalepo nthawi yabwino ngati ino, popeza kuphunzira n'kwaulere pa YouTube, kuyesa sikudya filimu, ndipo Facebook ndi Instagram zimafikitsa zithunzi kwa anthu popanda kudzera kwa mkonzi. Mbali zonse zili ndi choona, koma zikunena za zithunzi zosiyana. Chimene chatsika mtengo ndi chithunzi chimene aliyense angajambule kapena kompyuta ingapange. Chimene chikugulidwabe ndi chithunzi cha chinthu chenicheni chimene chinachitika kamodzi, pamalo pamene wojambula analoledwa kufika chifukwa anthu amamukhulupirira: ukwati wa banja lakutilakuti, odwala a chipatala chakutichakuti, mlimi weniweni m'munda mwake. Kufika pamalo otere ndi kukhulupiriridwa ndi zinthu zimene munthu wamkulu amakhala nazo kuposa mnyamata wongotuluka kumene ku koleji.

Kodi zaka zimalepheretsa?

Pali zimene zikudziwika. Maso a anthu ambiri amayamba kuvutika kuona zapafupi akapitirira zaka 40, koma mandala ndi kachipangizo kosinthira pa diso la kamera zimathetsa vutoli. Thupi ndi nkhani ina. Kujambula ukwati ndi kuimirira kuyambira m'mawa mkwatibwi akudzikonza mpaka perekaniperekani atatha, uku utasenza makamera awiri, ukugwada ndi kudzuka, ndipo msana wa zaka 55 umadandaula. Mapulogalamu okonzera zithunzi amafuna nthawi kuti munthu awazolowere, koma si ovuta kuposa amene anthu amagwiritsa ntchito m'maofesi.

Pa funso lakuti luso limafuna ubwana, David Galenson wa ku yunivesite ya Chicago anaunika miyoyo ya akatswiri ojambula ndi utoto n'kuwagawa pawiri. Ena, monga Picasso, amabwera ndi lingaliro latsopano akadali anyamata. Ena, monga Cézanne, amafufuza pang'onopang'ono ndipo ntchito yawo yopambana imabwera atakalamba. Si akatswiri onse amene amavomereza kugawa kumeneku, koma kumasonyeza kuti palibe msinkhu umodzi wa luso. Pa mbali ya bizinesi, kafukufuku wa Pierre Azoulay ndi anzake, amene anaunika anthu oyambitsa makampani ku America oposa 2 miliyoni, anapeza kuti oyambitsa makampani okula mofulumira kwambiri amakhala ndi zaka pafupifupi 45. Olimbikitsa anthu kusiya ntchito amakonda kutchula nambala imeneyi, koma amadumpha chotsatira china cha kafukufuku yemweyo, chakuti mwayi wopambana umakula kwambiri ngati munthu anagwirapo kale ntchito m'gawo lomwelo. Zaka zimathandiza pamene zabwera ndi nzeru zogwirizana ndi chimene munthu akuyamba. Mlangizi wa zaulimi amene akuyamba kujambulira mabungwe a zaulimi akugwiritsa ntchito zaka zake zonse. Mlangizi yemweyo akayamba kujambula mafashoni, zaka zakezo sizimuthandiza kanthu.

Kodi chokonda chimapirira chikasanduka ntchito?

Funso ili ndi limene anthu amalinyalanyaza kwambiri. Mu 1973 Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anayesa ana a sukulu yamkaka okonda kujambula ndi zolembera zamitundu. Ana amene analonjezedwa mphoto akajambula anadzaonetsa chidwi chochepa pa kujambulako masiku otsatira, poyerekeza ndi amene sanalonjezedwe kanthu. Akatswiri akhala akutsutsana za kukula kwa vutoli, makamaka kwa anthu akuluakulu, choncho si bwino kunena kuti ndalama zimapha chikondi nthawi zonse. Chimene sichifuna kafukufuku ndi kusintha kwa ntchito yeniyeniyo. Wojambula wodzisangalatsa amasankha nthawi, malo ndi kuwala, ndipo chithunzi chikaipa amangochifufuta. Wojambula wolipidwa amapatsidwa tchalitchi chamdima, akwati ofika mochedwa ndi alendo oimirira kutsogolo kwake ndi mafoni awo, ndipo kuvekana mphete kumachitika kamodzi kokha. Akabwerera kunyumba amakhala usiku wonse pa kompyuta kusankha ndi kukonza zithunzi mazanamazana, kenako n'kuyamba kulondola ndalama zotsala kwa kasitomala amene wasiya kuyankha foni. Nthawi imene kamera ili m'manja ndi yochepa poyerekeza ndi ya kutsatsa, kukambirana mitengo, kukonza zithunzi ndi kulemba za ndalama. Munthu amene amadana ndi zimenezi amakonda kujambula, koma bizinesi ya kujambula sadzaikonda.

N'chifukwa chake kusasiya ntchito kuyenera kuwerengedwa ngati yankho lenileni, osati ngati mantha. Ralph Eugene Meatyard wa ku Lexington ku America anagula kamera mu 1950 kuti ajambule mwana wake, ndipo anakhalabe wokonza mandala mpaka imfa yake mu 1972, akujambula kumapeto kwa sabata. Lero zithunzi zake zili m'nyumba zikuluzikulu za zionetsero. Vivian Maier anali wolera ana ku Chicago kwa zaka zambiri, ndipo zithunzi zake zinadziwika katundu wake atagulitsidwa pa okushoni mu 2007. Malipiro a ntchito ina anawapatsa anthuwa ufulu wojambula zimene akufuna, ufulu umene wojambula wa makasitomala amausowa.

Kudumpha kapena kuwoloka pang'onopang'ono

Pali amene amalimbikitsa kudumpha. Amati munthu amene akugwirabe ntchito yakale sadzaika mtima wonse pa yatsopano, ndipo pa Chichewa ali ndi mwambi wowathandiza, wakuti mapanga awiri avumbwitsa. Alinso ndi umboni wina. Steven Levitt wa ku yunivesite ya Chicago anapempha anthu amene ankakayika pa zisankho zazikulu, monga kusiya ntchito, kuti aponye pa intaneti ndalama yachitsulo yongoyerekezera ndi kutsata zimene yagwera. Patapita miyezi 6, amene anasintha ananena kuti ali osangalala kuposa amene anakhala pomwepo. Izi zikusonyeza kuti anthu ambiri amachedwa mopitirira pa malo amene sakuwafuna. Komabe kafukufukuyu anayesa chimwemwe chimene anthu ananena okha patapita miyezi yowerengeka, pomwe ndalama zimene anasunga zikhoza kukhala zisanathe. Sanayese ngati bizinesi yatsopanoyo inakhalitsa.

Funso limenelo analiyesa Joseph Raffiee ndi Jie Feng m'kafukufuku amene anatuluka mu 2014. Iwo anatsata anthu zikwi zingapo a ku America kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti amene anayamba bizinesi akadali pa ntchito, n'kudzasiya pambuyo pake, mwayi wawo wogwa unali wochepa ndi pafupifupi 33 peresenti poyerekeza ndi amene anasiyiratu poyamba. Chifukwa chake n'chomveka. Woyamba akadali pa malipiro amalakwitsa zinthu zisanakhale zodula, amaphunzira mitengo, ndipo akhoza kukana ntchito yolipira zochepa chifukwa sakudalira iyo kuti agule ufa. Wosiyiratu amalandira ntchito iliyonse pa mtengo uliwonse, ndipo mtengo wotsika ukadziwika kuukweza kumavuta. Herminia Ibarra, amene anafufuza anthu osintha ntchito ali pakati pa moyo wawo, anafika pa mfundo yofanana, yakuti anthu sadziwa ntchito yowayenera pongoganiza, amaidziwa poyesa zing'onozing'ono ndi pocheza ndi amene ali kale m'ntchitoyo. Mwambi wa mapanga uja umachenjeza munthu wosasankha mpaka kalekale. Sukuletsa kukayendera phanga latsopano usanasamuke. Chowonadi chimene odumpha ali nacho n'chakuti kuyesaku kuyenera kukhala ndi malire a nthawi, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo pamapeto pake munthu asankhe.

Kwa woganiza zoyesa kuno kwathu

Zambiri mwa zofufuzazi zinachitikira ku America ndi ku Ulaya, komwe wolephera amapezanso ntchito mosavutikira kwambiri. Ku Malawi ntchito zolembedwa n'zochepa, ndipo wosiya ali ndi zaka 45 asayembekezere kuti malo ake adzamudikira. Zipangizo zonse, kamera, malenzi, mabatire ndi kompyuta, zimachokera kunja, motero mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zipangizo unakwera, koma mabanja okonza ukwati sanawonjezere ndalama ya wojambula pa mlingo womwewo. Wolipidwa amafunikanso zinthu ziwiriziwiri, chifukwa kamera ikafa pakati pa mwambo palibe kupepesa kumene kungabweze tsikulo, ndipo zithunzi za kasitomala ziyenera kusungidwa malo awiri osiyana. Ndalama sizibwera mofanana chaka chonse. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka m'chilimwe anthu atakolola, n'kuchepa mvula ikafika pachimake, nthawi yomweyo imene fizi ya ana ikufunika.

Palinso zimene zimatayika mosaonekera. Lamulo la penshoni limafuna kuti bwana aziikira wantchito 10 peresenti ya malipiro ake, wantchito n'kuikapo 5 peresenti. Wodzilemba yekha ntchito amataya gawo la bwanalo, ndipo nthawi zambiri amatayanso thandizo la kuchipatala ndi mwayi wa ngongole ya ku banki. Kugwiritsa ntchito ndalama za penshoni kapena katapila ngati mpamba wogulira kamera, munthu asanakhale ndi makasitomala obwerezabwereza, n'kulakwitsa kumene zaka zotsala sizingakonze. Kamera yogwiritsidwapo kale ntchito ndi lenzi imodzi yabwino n'zokwanira kuyambira, ndipo zina zikhoza kubwerekedwa pa tsiku la ntchito.

Njira yanzeru imayambira pa ntchito imene munthu ali nayo. Namwino amadziwa kulowa m'wodi mosasokoneza ndi kupempha chilolezo kwa wodwala. Mphunzitsi amadziwa masukulu ndi makolo. Wogwira ntchito ku hotela amadziwa zimene alendo amafuna kuona asanalipire chipinda. Amenewo ndiwo makasitomala oyamba, ndipo kumeneko mpikisano ndi wochepa kusiyana ndi pa maukwati, pomwe pali anyamata ambiri amphamvu ndi otchipa. Woyesayo ayambe waona zimene mgwirizano wake wa ntchito umanena pa maganyu apadera, asagwiritse ntchito nthawi ya abwana, ndipo aperekeze wojambula wodziwa kangapo ngati womuthandiza kuti aone tsiku lonse mmene limayendera. Ntchito iliyonse ikhale ndi mgwirizano wolemba wonena mtengo, chikole, tsiku lopereka zithunzi, ndi amene ali ndi ufulu wozigwiritsanso ntchito, popeza lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limatetezanso zithunzi ndipo bungwe la COSOMA likhoza kufotokoza zambiri. Kunyumba nkhaniyi ikambidwe poyera, chifukwa amene adzasenze lendi miyezi yowuma ndi mkazi kapena mwamuna wa wojambulayo. Koposa zonse pakhale buku lolembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, kuphatikizapo thiransipoti, intaneti ndi kutha kwa zipangizo, kwa chaka chathunthu kuti miyezi ya mvula ionekemo. Ngati bukulo likusonyeza kuti phindu la zithunzi silikufika pa zofunika za pakhomo, ndipo palibe ndalama yosunga yoti banja lidyere miyezi ingapo, kalata yosiyira ntchito musaipereke kaye.